Phiri lomwe linaphulika patatha mwezi chilandirireni ufulu ku Zimbabwe, lero kukumera maluwa

Lamulungu lapitali titaweruka ku CCAP tinakadya kwa amalume ku Mufakose kuno ku Harare, ndiye tikudikira nsima ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse zithunzi za ulendo uja ndinapita kukaona achemwali ku America, zithunzi zoti ndakhala ndikuwalonjeza kuyambira kalekale koma tikakumana timangotanganidwa ndi nkhani za maliro ndi zopereka za sosaite. Anadutsa zithunzi za ana, za nyumba, za zakudya osanena kanthu, koma atafika pa chithunzi cha phiri anaima, kukankhira magalasi m'mwamba nkunena kuti "iwe mphwanga usandinamize, ili ndi phiri lija ukuti linaphulika moto? nanga maluwa onsewa achokera kuti, pamene padutsa moto wa pansi pa dziko pamameranso kanthu?" Ndinayamba kufotokoza koma kwa amalume munthu sumaliza chiganizo, uku ana akulimbirana limoti uku azakhali akuitana kuti tisambe m'manja, ndiye ndati ndingolemba zonse bwinobwino kuti wina akawawerengere.

Phirilo dzina lake ndi Mount St. Helens, lili m'chigawo cha Washington, osati Washington DC kokhala pulezidenti kuja ayi, uku ndi kumadzulo kwenikweni kufupi ndi nyanja ya Pacific, makilomita ngati 80 kuchokera mumzinda wa Portland. Dzina la St. Helens analipatsa ndi George Vancouver, woyenda panyanja wa ku Britain, mu 1792, koma eni nthaka a mtundu wa Cowlitz amalitcha Lawetlat'la, kutanthauza lofuka utsi, ndiye mutha kuona kuti iwowo khalidwe lake ankalidziwa kale. Linaphulika Lamulungu pa 18 Meyi 1980 nthawi ili 8:32 m'mawa. Nditatchula detilo amalume anawerenga ndi zala nkuseka, akuti mwezi umodzi ndendende chilandirireni ufulu, paja iwo usiku wa pa 17 kucha 18 Epulo anali pa bwalo la Rufaro ku Mbare kuona mbendera ina ikutsika ina ikukwera. Basi mukafuna kudziwa zaka za tchire lomwe likumera kumeneko muzingowerenga zaka za Zimbabwe, nalonso ndi born free.

Lisanaphulike linali lalitali mamita 2,950, kungotsala pang'ono kufanana ndi Sapitwa ku Mulanje yemwe ndi 3,002. Pomwe dzuwa limalowa tsiku limenelo linali litatsika kufika pa 2,549, kufupika kuposa Nyangani wathu wa ku Nyanga. Mamita 400 a nsonga ya phiri kuchoka m'mawa umodzi, tingoti nsanja ya Reserve Bank ija ya mu Samora Machel mutaisanjikiza katatu sikufikabe.

Nanga chimaphulitsa nchiyani? Pansi pa nyanja kumeneko kuli chigamba cha nthaka chomwe asayansi amati Juan de Fuca, chikulowa pang'onopang'ono pansi pa North America, masentimita ochepa pachaka, liwiro la chikhadabo chikamakula. Chikafika kuya kotentha chimatulutsa madzi omwe chinatenga, madziwo amapangitsa kuti miyala isungunuke msanga, chiphalaphala nkumakwera kufuna potulukira. Mount Rainier ndi Mount Hood nawonso anabadwa choncho, ali mumzere umodzi. Koma mapiri ophulika safanana, ndipo apa aliyense wophika nsima amva msanga. Phala likakhala lamadzimadzi limawira mwaulemu, mpweya umatuluka osavuta, ukalitaya limangoyenderera. Ndi mmene alili Nyiragongo wa ku Congo, mu Januwale 2002 chiphalaphala chake chinayenda ngati mtsinje kudutsa pakati pa tauni ya Goma mpaka kukagwera mu nyanja ya Kivu. Koma mukathira ufa phala lija nkulimba limayamba phu! phu! kulavula mpaka kukutenthani pamkono. Chiphalaphala cha St. Helens ndi cha mtundu wolimbawu, chonanda, mpweya sutha kuthawa umangodzazana mkati ngati thobwa losasa lomwe mwalitsekera m'botolo nkuliiwala padzuwa.

Zizindikiro zinayamba mu Malichi, zivomezi zing'onozing'ono zambirimbiri, pa 27 Malichi nthunzi ndi phulusa zinaboola pamwamba. Kenako mbali ya kumpoto inayamba kutupa ngati chithupsa, tsiku lililonse kutuluka mita imodzi ndi theka kapena awiri, phiri lathunthu kumatupa anthu akuona. Boma linatseka misewu, anthu ena nkumakwiya kuti tikufuna tikaone nyumba zathu, moti Loweruka pa 17 anawaperekeza kukatenga katundu ndipo ulendo wina unakonzedwa 10 koloko m'mawa wa Lamulungu lomwelo. Ola limenelo silinafike. Chivomezi cha 5.1 chinagwedeza, mbali yonse yotupa ija inagumuka nkutsetsereka, chigumukire chachikulu kuposa chilichonse chomwe anthu analembapo m'mbiri, chinayenda makilomita 23 m'chigwa cha mtsinje wa North Fork Toutle, ngati kuchoka m'tauni ya Harare kukafika ku Ruwa, nkukwirira chigwacho mamita ngati 45, malo ena kuposa pamenepo kutalitali. Apa ndiye botolo la thobwa lija linatsegulidwa, koma chotsekera chinachoka cham'mbali, ndiye mphamvu yonse m'malo mopita kumwamba inawombera cham'mbali kuloza kumpoto, mpweya wotentha wosakanikirana ndi miyala ukuthamanga makilomita oposa 480 pa ola. Nkhalango ya masikweya kilomita 600 inatha m'mphindi zochepa, Lake Chivero kuiika kopitirira ka 20. Pafupi ndi phiri mitengo inazulidwa nkuuluzika osaonekanso, patsogolo pake inagona yonse kuloza mbali imodzi ngati chimanga chogwa ndi mphepo, kumalire kwenikweni inatsala chiimire koma yowauka, yakufa. Phulusa linakwera makilomita 24 m'mwamba, ku tauni ya Yakima kunada masana magetsi a mumsewu nkuyaka.

Anthu 57 anafa, ambiri mwa iwo anali kunja kwa malire omwe boma linaletsa, chifukwa palibe ankayembekeza kuti kuwombera cham'mbali kufika kutali choncho. Ndipo likanakhala Lolemba, odula mitengo ali pantchito m'nkhalangomo, maliro akanakhala osawerengeka. Mmodzi mwa omwalirawo anali David Johnston, wasayansi wa zaka 30, anali pa kamsasa kake pamtunda wa makilomita ngati 10 kuyang'anira phirilo, anakwanitsa kuyimba wailesi kuuza anzake ku tauni ya Vancouver kuti zayambika, thupi lake silinapezeke mpaka lero. Wina anali mdala Harry Truman, osati pulezidenti wakale wa America uja, uyu anali ndi loji m'mbali mwa nyanja ya Spirit Lake, zaka 83, anakanitsitsa kusamuka mpaka anatchuka m'manyuzi, anakwiririka pomwepo ndi amphaka ake 16. Nkhani ya mdalayu amalume inawakhudza, anangoti "nkhalamba sichoka pakhomo pake" nkukhala chete kaye.

Kenako kunabwera chomwe ife tili ndi dzina lake kale, Napolo. Ayezi ndi chipale zomwe zinali pamwamba paphiri zinasungunuka, madziwo nkusakanikirana ndi phulusa kukhala matope olemera ngati simenti yosakaniza kumene, kutsika m'mitsinje atanyamula zipika, magalimoto, nyumba pafupifupi 200, milatho yambirimbiri. Amene agogo anakusimbiraniko za Zomba mu 1946 kapena Phalombe mu 1991, kapena munaona zomwe Idai anachita ku Chimanimani mu 2019 ndi Freddy ku Chilobwe mu 2023, chithunzi muli nacho kale. Matopewo anakafika mpaka mu mtsinje waukulu wa Columbia, njira ya sitima yomwe inali yakuya mamita 12 inatsala mamita 4, sitima zapamadzi nkutsekeredwa ku Portland.

Tsopano funso la amalume lija. Zoona zake, nawo asayansi oyamba kufikako pa helikopita ankaganiza ngati amalume, anaona dziko lotuwa ngati kumwezi nkumati apa moyo uyambiranso pa ziro, uzichokera kumalire kulowa mkati pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka. Koma atatsika nkuyamba kuyenda wapansi anapeza kuti moto uja sunaphe zonse, unasiya zotsalira apa ndi apo, ndipo zotsalira zimenezo ndi zomwe zinayambitsanso dziko, kuchokera mkati momwemo, malo masauzande nthawi imodzi. Mkulu wina wa zankhalango, Jerry Franklin, ndi anzake anazitcha cholowa chamoyo, kunena chilichonse chomwe tsoka lasiya, kaya ndi muzu, njere, chitsa, chipika chowola, kanyama kobisala kuuna.

Mwayi waukulu unali nthawi. Mwezi wa Meyi kumapiri a kumeneko chipale chimakhala chisanathe, ndiye timitengo tating'ono tomwe tinali titakwiririka m'chipale tinapulumuka pomwe makolo ake ataliatali akugwa pamwamba pake. Nyanja zing'onozing'ono zina zinali zikadali ndi ayezi pamwamba, achule ndi nsomba zili pansi phee, moto nkudutsa. Komanso 8:32 m'mawa nyama zoyenda usiku zinali zitalowa kale kuuna. Nyama zikuluzikulu zoyenda pamtunda ndi zomwe zinatha, mbawala, zimbalangondo ndi chimbawala china chachikulu amati elk, zonse pamodzi pafupifupi 7,000. Likanaphulika mu Ogasiti masana nkhani ikanakhala ina.

Ndiye pali mfuko. Kumeneko kuli kanyama kotchedwa pocket gopher, khalidwe lake ndi la mfuko yathu yomweyi, kukhala pansi, kudya mizu, kutulutsa timilu ta dothi. Tinyamati tinapulumuka chifukwa tinali pansi, ndipo pokumba tinkatulutsa dothi lakale lachonde kulisakaniza ndi phulusa lopanda kanthu lija, m'dothimo muli njere, mizu ndi tizilombo ta m'nthaka, makamaka mafangasi ena a mtundu wa bowa omwe amamatirira kumizu nkumathandiza chomera kukoka madzi ndi chakudya. Pa kamulu kalikonse ka mfuko pankamera zinthu. Asayansi awiri, Michael Allen ndi James MacMahon, anachita kuyesa dala, anatenga mfuko zingapo pa helikopita kukaziika m'timipanda pamalo ouma gwa kwa tsiku limodzi lokha basi nkuzichotsa, patatha zaka 6 pamalo pomwe zinakumbapo panali zomera ngati 40,000 pomwe m'mbali mwake munali mbee. Tsiku limodzi abale.

Malo ovuta kwenikweni anali patsinde pa phiri kutsogolo kwa chibowo chomwe chinatsala litaphulika, amati Pumice Plain. Apa ndiye panalibe chotsala olo chimodzi, panadutsa mitsinje ya mpweya ndi miyala yotentha madigiri 700 nkukwirira zonse ndi mwala uja wopepuka wa timabowo, womwe ena amakwechera zidendene posamba. Mwala umenewu mulibe chakudya cha mbewu, makamaka nayitulojeni, chomwe timagulira feteleza wobereketsa uja. Koma zaka zitatu zisanakwane wasayansi Charlie Crisafulli anapeza kachomera kamodzi kokha kali ndi maluwa pakati pa chipululucho, kotchedwa prairie lupine. Kachomeraka ndi kachibale ka nyemba, ndiye mlimi aliyense wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akudziwa kale chinsinsi chake, ndi chomwe timabzalira nandolo ndi soya m'munda wotopa, kumizu kwake kumakhala timaphundu momwe mabakiteriya amakoka nayitulojeni mumpweya, kamadzipangira feteleza kokha. Kanabereka, ana ake nkubereka, chigamba nkumakula chaka ndi chaka, tikafa nkumasiya manyowa, komanso tinkakola njere ndi zinyalala zouluzika ndi mphepo, zomera zina nkupeza poyambira. Nayo mphepo inkagwetsa tizilombo tosawerengeka, akangaude ouluka ndi ulusi wawo, tambiri tinkangofikira kufa koma kufa komweko kunali kuthira manyowa. Elk zija zitabwerera kuchokera kunkhalango zoyandikana zinabwera ndi njere m'ndowe, ndipo pomwe chiboda chaponda pamatsala kadzenje kosunga timadzi ndi njere. Maluwa ofiirira omwe amalume anaona pachithunzi ndi lupine yemweyo, ofiira aja amati paintbrush, ine ndinapita mu Julaye ali pachimake.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndinachiona tisanafike nkomwe. Msewu wake ndi nambala 504, umachoka pa tauni ya Castle Rock nkukwera makilomita oposa 80, ndipo kwa nthawi yaitali mumadutsa m'nkhalango yobiriwira bwino, mitengo yofanana msinkhu, yofanana mtundu, ukaiyang'anitsitsa maso amachita chizungulire. Imeneyo ndi ya kampani ya matabwa ya Weyerhaeuser, iwo atataya nkhalango yawo anatola zipika zomwe zikanagulitsika nkubzala mbande zoposa 18 miliyoni pamanja, kukumba kupyola phulusa mpaka kupeza dothi lenileni, pofika 1987 anali atamaliza. Kenako mumafika pamalire pomwe boma mu 1982 linapatula maekala 110,000 nkunena kuti muno musabzale, musatole, musakonze, tione chilengedwe chichita bwanji pachokha. Malirewo amaoneka ndi maso ngati mzere wa malire a minda. Alamu anga omwe ankayendetsa galimoto anati mbali ya kampani ndi yomwe yachira, inayo ikadali yodwala, ndipo ukangoyang'ana msanga ungavomereze chifukwa mbali yosiyidwayo ndi yosalongosoka, apa zitsamba, apa msondodzi ndi mitengo ya alder m'mbali mwa timitsinje, apa zitsa zoyera ngati mafupa, apa mwala wokhawokha. Koma ine nditatsika nkuyenda ndinaona kuti phokoso la mbalame lili mbali yosalongosokayo. Mu nkhalango yobzala muli mdima ndi bata ngati m'mapaini a ku Chikangawa kapena ku Nyanga, pansi palibe chomera. Sindikunyoza kampaniyo, iwo amafuna matabwa ndipo matabwa awapeza, koma tisasokoneze munda wa mitengo ndi tchire. Chigumukire chija chinasiya zitunda ndi maenje, m'maenjemo munadikha madzi nkukhala maiwe oposa 100 omwe kale kunalibe, lero ndi odzaza achule ndi mbalame za m'madzi, kuphatikiza nyanja ziwiri zatsopano, Coldwater ndi Castle.

Spirit Lake ndiye ndi nkhani payokha. Chigumukire chitagweramo madzi anakankhidwa kukwera phiri la tsidya mamita oposa 200, pobwerera anakokolola mitengo yonse kugwera nayo m'nyanja. Nyanjayo inasanduka msuzi wakuda wofunda wonunkha, mabakiteriya okhaokha, mpweya wabwino m'madzi unatheratu. Patangopita zaka zochepa mvula ndi chipale zinaisukuluza, moyo nkubwerera, mu 1993 anapezamo nsomba za trout, zija za ku Nyanga ndi pa Zomba. Koma zipika zija zilipobe mpaka lero, masauzande, zayera ndi dzuwa, zimayandama pamodzi ngati mphasa yaikulu nkumayendayenda kutsata mphepo, m'mawa zili uku madzulo zili uko. Ukaziona uli patali umayesa ndi gombe.

Musaganize kuti zonse zabwerera mwakale. Nkhalango yomwe inagwa ija inali ndi mitengo ya zaka mazanamazana ndipo kuti ifikenso pamenepo padutsa mibadwo, ife tonse kulibe. Komanso phirilo silinafe, langogona. Kuyambira 1980 mpaka 1986 chiphalaphala cholimba chinkatuluka mkati mwa chibowo nkuunjikana kukhala chulu, chinayambiranso mu 2004 mpaka 2008, poyamba chinkatuluka chokwana lole ya tipa imodzi pa sekondi iliyonse. Chodabwitsa china, m'chibowo momwemo mwamera chimulu cha ayezi chatsopano, amati Crater Glacier, chifukwa makoma a chibowo amatchinga dzuwa ndipo miyala yogumuka imafunditsa ayeziyo ngati bulangete, moto pansi ayezi pamwamba. Anthu okhala kumunsi nawo sanapume, mchenga ndi phulusa zikutsikabe ndi mitsinje, boma linachita kuboola ngalande ya makilomita 2.6 pansi pa phiri mu 1985 kuti Spirit Lake isasefukire nkuphwasula chigumukire chomwe chinaitseka, mu 1989 anamanganso damu lokola matope pa Toutle. Ine ndinachita mwayi kufika pa Johnston Ridge, nyumba yoonerapo yomwe anaitsegula mu 1997 pachitunda pomwe panafera wasayansi uja, ukaima pamenepo chibowo chimakuyang'ana maso ndi maso ndipo umamvetsa kuti munthuyo analibe kothawira. Mu Meyi 2023 Napolo wina anakokolola mlatho wa msewu womwewo malowo nkutsekedwa, ndiye amene muli ndi abale kumeneko mukafuna kupita yambani mwafunsa za msewu, kulinso njira ina ya kum'mawa yokafika pa Windy Ridge pomwe zipika za m'nyanja zimaoneka bwino.

Azakhali anafunsa ngati zoterezi zingachitike kuno. Ku Harare gonani tulo, tili pa mwala wakale kwambiri wokhazikika, miyala yosanjikizana ya ku Epworth ija inazizira kalekale dziko likadali laling'ono. Kwathu ku Malawi ndiye nthaka ikadali yamoyo pang'ono, nyanja yathu ili mu chigwa chomwe Africa akung'ambika, nchifukwa chake kuli akasupe otentha ku Nkhotakota ndi ku Chiweta komanso zivomezi ngati za ku Karonga mu Disembala 2009, ndipo kungodutsa malire kulowa Tanzania kuli mapiri ophulika a Rungwe ndi Ngozi. Amene munakwerako basi ya ku Mbeya kudzera pa Songwe mwaona nthochi ndi tiyi za ku Tukuyu mmene zimakondwera, dothi limenelo ndi phulusa lakale.

Pomwe timanyamuka amalume anatiperekeza mpaka pokwerera kombi, ali chete, ine nkumayesa akuganizira za mdala wa amphaka uja. Kenako anandigwira pamkono nkuti "mphwanga, za mfuko zija wanenazi ndamva, koma ija ikundithera mbatata kudimba kuja ndikaipeza ndiipha ndithu, ikakonze nthaka ku America konko."